Chimene chinamenya bambo a Tadala paphewa

Nkhani iyi ndaganiza zoilemba ndekha chifukwa ena ayamba kale kuifotokoza, ndipo aliyense akuithira mchere wake. Ku Indianapolis kuli amayi ena amene akandiona amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Ndiye bola muimve kwa mwini wake, amene anaipalamula ndi chala chimodzi cha kumanzere.

Ine ndi amuna anga, bambo a Tadala, timakhala ku South Bend, kuno ku America. Iwo amagwira ntchito kuchipatala, kunyamula ndi kutembenuza odwala. Ine ndili ndi setifiketi yanga yosamalira okalamba, koma pano ndili pakhomo ndi mwana wathu Tadala, yemwe nthawi ya nkhaniyi anali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Ndivomereretu kuti ndine munthu wamantha. Mwana akatsokomola kamodzi, ndimakhala nditawerenga kale matenda asanu pa intaneti. Akagona nthawi yaitali ndimamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma, iye n'kudzuka, n'kuyamba kulira, ine n'kuyambanso kuda nkhawa kuti akuliriranji.

Amene amawadziwa bwino mantha angawa ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a bambo a Tadala, omwe amakhala ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis. Ndi namwino wa zaka zambiri, amatsogolera amayi a mapemphero, ndipo ndi amene anawaitanitsa amuna anga kuno. Sanandilankhulepo choipa. Koma tsiku lina ndinawaimbira ali pa shifiti chifukwa chimbudzi cha Tadala chinasintha mtundu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anangoti, "Amake Tadala, mwadya?" Pamenepo ndinadziwa mmene amandionera: kamtsikana kabwino ndithu, koma koti sungakasiyire nyumba. Chimene ndinkalakalaka n'chakuti tsiku lina andione ngati mayi wapakhomo, woti akaona vuto amalikonza yekha osaimba belu.

Mwayi wake unabwera ndi a Gary. Awa ndi mzungu wachikulire wa kuntchito kwa amuna anga, ali ndi munda ndi kankhalango kunja kwa tauni, ndipo chaka chilichonse masamba akayoyoka amasaka agwape. Anawanyengerera bambo a Tadala mpaka anakaphunzira za malamulo ake, n'kutenga laisensi, kenako a Gary anawapatsa mfuti yawo yakale imene inali ya bambo awo. Ine ndinakana sabata yonse. Nditatopa ndinalola, koma ndi malamulo anga: zipolopolo zizikhala kwa a Gary, mfutiyo izikhala m'bokosi lokiya, ndipo iwo azivala zaolenji, zoti osaka anzawo aziwaonera patali, kuyambira kumutu mpaka m'chiuno (ndinkafuna mpaka kumapazi, anandipempha kuti ndiwasiyireko kaulemu).

Nyengo yosaka isanatsegulidwe anayamba kupita m'mamawa kumunda kwa a Gary kukayeserera kuwombera chipepala. Tsiku loyamba anabwerako akumwetulira, koma dzanja lamanja atalimata m'nthiti. Tiyi anamwa ndi lamanzere. Tadala anamunyamula ndi lamanzere. Nditafunsa anati palibe chilichonse, n'kuzizira chabe. Masana atagona pasofa ndinakweza pang'onopang'ono mkono wa malaya awo, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa. Paphewa panali pakuda bii, m'mbali mofiirira, ndipo pakati pake panadindika chinthu chobulungira motalika, chokhala ndi timizere, ngati kaphazi. Ndinajambula chithunzi, n'kubwezera malayawo.

Mwadziwa kale kumene ndinathamangira. Pa intaneti ndi pamene ndinaphunzira kuti mfuti ikamalavula chipolopolo kutsogolo, iyo imadumphira m'mbuyo, ndipo yakale ngati imeneyi, yokhala ndi kapulasitiki kolimba kutako kwake, imasinja phewa ngati musi mumtondo. Ndinaphunziranso kuti mankhwala ake alipo: kachinthu ka labala yofewa kamene umagula padera n'kukaika kutakoko. Amakatcha padi (inde, nanenso ndinaseka, kwathu padi ndi nkhani ina, sitiitchula amuna ali pomwepo). Alipo ongoveka ngati sokosi, alipo omanga ndi masikuluu, alipo ena ogula aakulu n'kuwapala ndi makina mpaka afanane ndi mfutiyo. Onsewo amafuna kuti udziwe saizi.

Ndinayesa kuwauza amuna anga mwaulemu. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti azipita kuntchito atavala thewera. Anati bambo ake a Gary anaigwiritsa ntchito mfutiyo moyo wawo wonse popanda khushoni, nanga iwo akaika a Gary aziti chiyani? Anati phewa lizolowera. Ine mumtima ndinati phewa limeneli ndi limene limatembenuza odwala, silingazolowere ndili moyo. Tsiku lina akuipukuta pathebulo la kukhitchini, atachotsamo kachitsulo kamene kamakankha chipolopolo, foni yawo inalira, iwo n'kutuluka panja. Ndinatenga pepala la kusikelo ya Tadala, ndinaimika tako la mfutiyo kuseri kwake, n'kulizunguliza ndi bolopeni. Pepalalo ndinalibisa m'chikwama cha matewera.

Vuto linatsala la kogula. Ine sindinayambe kudiraiva, ndipo sitolo ya zinthu zosakira ya kufupi ndi kwathu ndi imene a Gary amacheza tsiku lonse akakhala pa ofu. Koma Loweruka lotsatira tinali ndi ulendo wokaona alamu. Ndinati apa ndiye pabwino: andiperekeza okha, aona okha mmene ndaliyendetsera vutoli, kuyambira kuliona, kulifufuza, mpaka kuliyeza papepala. Ndikuyamwitsa Tadala kudzanja lamanja, ndinalemba uthenga ndi chala cha kumanzere, n'kutumiza pamodzi ndi chithunzi chija. Uthengawo ndikadali nawo, unati:

"Alamu, achimwene anu mfiti yawamenya paphewa, onani chithunzi. Akubisa. Loweruka mundiperekeze ndikagule choteteza. Iwo asadziwe."

Werenganinso bwinobwino. Ine sindinawerengenso. Pafoni, u ndi i amakhala moyandikana ngati nyumba za lendi, ndipo chala changa chinagogoda khomo la eni ake.

Sipanathe mphindi ziwiri, foni inalira. Bambo a Tadala anali pabalaza pompo, ndiye ndinamugoneka mwana n'kuthawira kubafa, n'kutsegula mpopi kuti asamve. Ndinkanong'ona, ndipo ndinasamala kwambiri kuti ndisatchule dzina la chinthucho, poopa kuti angalimve kuseri kwa chitseko. Alamu nawonso sanalitchule. Anafunsa, ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo, kuti achimwene awo amakumana nayo kuti. Ndinati kutchire, kumunda kwa mnzawo wa kuntchito, m'mamawa kusanayere bwino. Anafunsa kuti yawamenya kangati. Ndinati tsiku loyamba lokha kakhumi ndi kawiri, koma iwo akungobwererako, akuti azolowera.

"Inu munaiona ndi maso anu?"

"Kamodzi, kukhitchini kwathu. Ndi yakale, yaitali, yakuda. Iwo atatuluka ndinaigwira kutako, ndinaiyeza."

Ndinamva alamu akuti "mayo ine" chapansipansi. Ine ndinamwetulira ndekha pagalasi, ndinati alamu agoma nako kulimba mtima kwanga. Kenako anafunsa kuti za chotetezazo anandiuza ndani. Ndinawayankha monyadira kuti ndinafufuza ndekha, kuti n'kachinthu kakuda kokwana m'manja, kuti azungu ambiri kuno amakagwiritsa ntchito kungoti ena amachita manyazi kuvomera, ndipo amene anakayesa akuti kuyambira pamenepo amagona tulo tabwino. Alamu anapumira m'mwamba. Anati ndisagule kalikonse, ndisalandire kalikonse kwa munthu aliyense, mpaka nditafika kwawo. Ndinati chabwino, ndikudziwa kuti inu mumadziwa malo abwino. Anati, "Amake Tadala, muzipemphera," n'kudula.

Loweruka tinanyamuka m'mawa. Msewu wonse ndinali wosangalala, ndikuonera minda ya chimanga yokololedwa kale, ndikumuimbira Tadala kumpando wakumbuyo, mwa apo ndi apo ndikusisita chikwama cha matewera ngati muli chuma. Bambo a Tadala ankawongolera ndi dzanja lamanzere, lamanja litagona pantchafu, akundifotokozera mmene gwape amanunkhizira munthu ali kutali. Titakhota kulowa mumsewu wa alamu tinaona magalimoto anayi pakhomo. Iwo anafunsa ngati kuli phwando limene sanauzidwe. Ine ndinaganiza kuti mwina ndi tsiku lobadwa la wina, ndipo ndinayamba kuda nkhawa kuti tabwera chimanjamanja.

M'nyumba munali amayi asanu, onse atavala zitenje pamwamba pa mathalauza, Mabaibulo pamiyendo. Wina anali adakali mu yunifolomu ya kuntchito. Mipando inali itakankhidwira kukhoma, kupatula umodzi umene unaikidwa pakati. Anatilandira ndi moni wapansipansi, wa pamaliro. Mmodzi anandilanda Tadala n'kumukumbatira mwamphamvu. Alamu anawagwira achimwene awo pamkono, anawakhazika pampando wapakatiwo, n'kuwauza kuti avule jekete ndi malaya. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, koma kwa achemwali ake sayankha kawiri: anavula, akundiyang'ana ine. Phewa litaonekera, amayi onse anabuula pamodzi. Mayi Nyirenda, omwe ndi aakulu pa onse, anavala magalasi, anawerama, n'kunena kuti kaphazi kake kakuoneka ndithu.

Mukudabwa kuti ine ndinali kuti nthawi yonseyi? Ndinali nditaima pakhomo, ndikuwakwiyira alamu mumtima kuti aulula chinsinsi changa. Ndinkaganiza kuti aitana anamwino anzawo kudzaona bala. Za Mabaibulozo sizinandidabwitse, amayi amenewa amapita nawo ngakhale kokagula nsomba ku Lafayette Road.

Mayi Nyirenda ndi amene anayamba kufunsa. Anawatchula amuna anga kuti mwana wanga, anawauza kuti asaope, pano ali pakati pa abale. Anafunsa ngati kutchireko amachita kukokedwa kapena amapita okha. Bambo a Tadala anati amapita okha, amadzuka okha, ndipo kunena zoona zikuwasangalatsa kwambiri. Wa yunifolomu uja anagwira pakamwa. Anafunsidwa ngati akufuna kusiya. Anati ayi, angoyamba kumene, laisensi ali nayo, ndipo sabata ziwiri zikubwerazi akuyembekeza kubweretsa nyama yoti aliyense m'chipindamo alandireko. Apa mayi wina anayamba kupemphera mokweza osadikira kuuzidwa.

"Tiuzeni dzina lake," anatero alamu, misozi ili m'maso. "Mfiti imeneyi ndani?"

"Mfiti iti, achemwali?"

Alamu anatulutsa foni n'kuwapatsa. Amuna anga anawerenga uthengawo mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade 2. Atafika pa liwu lija anaima, analiwerenganso, kenako anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Zonse zimene ndinanong'ona kubafa zinabwerera m'mutu mwanga chimodzichimodzi, chakuda, chachitali, chogwidwa kutako. Chimene ndinakwanitsa ndi kupisa dzanja m'chikwama cha matewera, kutulutsa pepala lija, n'kulikweza m'mwamba ngati umboni. Tsoka lake, chojambula changacho chinkaonekanso ngati kaphazi, ndipo mayi Nyirenda anabwerera m'mbuyo.

"Mfuti," ndinatero pomaliza. "Ndimati mfuti."

Woyamba kuseka anali wa yunifolomu uja. Anayesa kubisa nkhope m'Baibulo koma mapewa anamuulula. Kenako zinagwira onse. Mayi Nyirenda anavula magalasi, akupukuta misozi ndi chitenje, akubwereza kuti anaigwira kutako, mwana uyu anaigwira kutako. Amuna anga anaseka mpaka phewa linawapweteka, anagwira pomwepo, ndiye anthu anasekanso chimenecho. Ine ndekha sindinaseke. Maso anga anali pa alamu, amene anaima chilili pakati pa chipinda, atatenganso foni yawo, akuwerengabe. Anaitana anthu asanu, wina anasinthanitsa shifiti, ena anasala kudya kuyambira dzulo lake, zonsezi chifukwa cha kamtsikana kamene sikatha kulemba liwu la zilembo zisanu. Ndinati basi, pabanja pano ndidzakhala wofunsidwa ngati ndadya mpaka kukalamba.

Alamu anaika foni m'thumba. Anapita kwa achimwene awo, anaika zala ziwiri pabalapo n'kudina monga namwino. Bambo a Tadala anakuwa. Alamu anawafunsa kuti ndiye kuzolowera kwake kumeneku? Anawakweza mkono, anauzunguliza, ananena kuti fupa lili bwino koma akapitiriza chonchi tsiku lina adzagwetsa wodwala. Anawauza kuti mkazi wawo yekha ndi amene waganiza m'nyumba imeneyo, ngakhale kuti kulemba kunamuvuta. Mayi Nyirenda anati poti anthu abwera kale ndipo anasala kale, pemphero lisapite pachabe. Analipempherera phewalo, anawapempherera a Gary, wina anawapemphererako ndi agwape omwe. Kenako tinadya mpunga ndi nkhuku, aliyense akundipempha kuti ndibwerezenso zimene ndinanena kubafa.

Titatha kudya alamu anatenga makiyi n'kundiuza kuti nditenge pepala langa. Tadala tinamusiyira bambo ake ndi amayi aja. Tinakwera galimoto mpaka kusitolo ina yaikulu, yodzaza ndi zovala zamawangamawanga ndi mitu ya agwape m'makoma. Wogulitsa, bambo wandevu zotuwa, anatifunsa mtundu wa mfutiyo. Sindinkaudziwa. Ndinangoyala pepala la kusikelo pakauntala, kulemera kwa Tadala kuli pansi, kaphazi kali pamwamba. Anayang'ana, anatenga rula, n'kunena kuti amuna ambiri amabwera ndi manja okha akuti n'chachikulu chonchi, bola ine ndabwera ndi chinthu choyezeka. Ndinaponya diso kwa alamu kuti ndione ngati amva. Anamva.

Anatulutsa mapadi atatu n'kuwasanjika papepalapo mmodzimmodzi. Womanga ndi masikuluu anati tisamuyerekeze popanda mfutiyo pafupi, chifukwa mabowo ake sangagwirizane. Anatilangiza wongoveka, wa saizi yapakati, amene anakwana pamzere wanga ndendende. Alamu anamutenga, anamufinya, anamununkhiza, kenako anayamba kumufunsa bamboyo ngati akufunsa dokotala wachinyamata: kodi labalayi siuma kukazizira, kodi sivuka munthu akamayenda m'tchire, kodi siitalikitsa mfuti kwa munthu wamikono yaifupi atavalanso chijekete. Pa lomalizali bamboyo anavomera kuti imatalikitsa pang'ono, n'kutisinthira wina wopyapyalako. Ine funso limenelo sindinaliganizeko, koma ndinagwedeza mutu ngati linali langa.

Titabwerera m'galimoto alamu sanalize injini. Anaika padiyo patsogolo pa chiwongolero, anamuyang'ana, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagoneka mutu pachiwongolero, hutala n'kulira. Atapuma anati pali chinthu chimodzi chimene sanauze aliyense. Tsiku lomwe ndinawatumizira uthenga, iwo anaimbira amayi awo ku Ntcheu, apongozi anga, n'kuwauza zonse, ndi chithunzi chomwe anatumiza. Anati iwo namwino wa zaka zonsezi anaona bala looneka bwinobwino kuti n'logundidwa ndi chinthu cholimba, koma sanafunse funso limodzi lanzeru. "Ndiye musadzione ngati muli nokha, mlamu," anatero. "Tiimbe limodzi. Inu mufotokoze za mfuti, ine ndifotokoza za ine."

Apongozi anayankha msanga, ngati foni inali m'manja. Tinawapatsa moni, tinafunsa za kumudzi, kenako ndinayamba. Ndinafotokoza za chilembo chimodzi chija. Ndinafotokoza za a Gary, za agwape, za kapulasitiki kolimba, za labala imene tagula. Ndinalankhula bwino kwambiri, mwadongosolo, alamu akundigwedezera mutu. Apongozi anamvetsera osandidula. Nditamaliza anathokoza Mulungu, anandithokoza ine powasamalira mwana wawo, kenako anati pali pamodzi pokha pamene sanamvetse.

"Mfuti ine ndimaidziwa, amalume a amuna anu anali nayo. Imamenya chimene chili kutsogolo. Nanga iyi ikusiya gwape n'kumamenya mwini wake kumbuyo, waituma ndani?"

Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana ine. Iwo anayesa kufotokoza za mphamvu imene imabwerera m'mbuyo, anafika pakati n'kusokonezeka. Ine ndinayesa za musi ndi mtondo, apongozi anati musi sudzinyamula wokha. Pomaliza anati labalayo tiike ndithu, siilakwa, koma iwo kumeneko apitiriza kupemphera.

Padiyo anakwana. Bambo a Tadala anamuveka okha, akung'ung'udza, ndipo a Gary atamuona akuti anangofunsa kumene tinagula. Phewa linapola. Phunziro lake ndikulidziwa, aliyense wandiuza kale. Koma ndikuuzeni zoona, poti ndayamba kale kuulula: funso la apongozi lija sindinalipezere yankho londikhutiritsa ine mwini. Ndawerenga masamba anayi ofotokoza za sayansi yake, ndipo onse ndawamvetsa. Komabe m'mawa uliwonse umene bambo a Tadala akunyamula bokosi lija kupita kwa a Gary, ndimaliyang'ana mpaka litatuluka pakhomo.